Chimene Mayi Zaitun Anaphimba ndi Sanda

Mayi Zaitun a ku komboni ya Kapata anasambitsa maliro a amayi achisilamu zaka makumi atatu, ine ndikuwathirira madzi. Ntchitoyi ili ndi lamulo lake: chimene waona pa thupi la womwalira, umafa nacho. Pakamwa pawo panali potseka kuposa pa aliyense.

Chaka chatha anayamba kuwonda, chonsecho akudya ngati waganyu. Manja kunjenjemera, mtima kugunda ali chikhalire, thukuta kamukamu mu Juni ife tili m'majuzi. Anthu a mukomboni, milomo yawo ija, anayamba: "Akufa akuwakoka." Zinkandinyansa, koma ndisaname, nanenso ndinkaopa. Khadijah, mayi amene tinamusambitsa zaka zisanu zapitazo, anatha momwemu, ndipo palibe anadziwa chinamudya.

Ndinawakokera kuchipatala. Dokotala anawagwira pakhosi, nati ameze malovu. Kanthu konga nsawa kanakwera n'kutsika. Atayeza magazi anatitumiza ku Lusaka kukajambula. Pa chithunzi khosi lonse linali mbuu, kadontho kamodzi kokha kakuwala.

"Kachotupa aka kali m'chithokomiro," anatero dokotala wa kumeneko. "Kakugwira ntchito pakokha, sikamvera thupi. Ndi kamene kakukuthani, koma kamachizika."

Ine ndinaomba m'manja. Iwo ayi ndithu. M'basi yobwerera chala chawo chinali pakhosi mpaka ku Katete. Ndi pamene ananong'ona: "Zala zangazi zinakagwirapo kale kameneka."

Sindinafunse kuti pa ndani.

Mawa lake kunabwera Amna, mwana wa malemu Khadijah, kudzawazonda. Diresi likungolendewera m'thupi. Potipatsa tiyi, kapu inkalira pa sosala.

Mayi Zaitun anamuyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona kuti akulimbana ndi lamulo lija.

"Sendera kuno, mwanawe. Masula mpango. Meza malovu."

Kanthu kaja kanakwera n'kutsika.

"Mayi ako anali nako pomwepa," anatero. "Ndinakagwira, n'kukaphimba ndi sanda. Mawa m'mawa upite kuchipatala."

Pano Amna ali pa mankhwala, masaya abwerera. Mayi Zaitun nawonso anachira. Palibe anawaletsa ntchito, koma iwo eni anandipatsa beseni lawo, ati munthu woulula za akufa asawakhudzenso. Ndawanyengerera ndatopa. Masiku ano ndimasambitsa ndine, ndipo ndikafika pakhosi dzanja langa limachedwa.