Kunenepetsa Amalume pa Chithunzi

Kamera yoyamba imene ndinagwira sinali yanga. Inali ya koleji, yakuda, yolemera ngati njerwa, ndipo lamba wake ankanunkha thukuta la onse amene anaikolekapo m'khosi ine ndisanafike. Ankatibwereka Lachisanu kuti tibweze Lolemba, aliyense ndi filimu yake imodzi. Munali m'zaka za m'ma 1990, ndili mtsikana wophunzira zojambula pakoleji ina ya ntchito zamanja m'tauni ya Rustenburg. Amene anandibweretsa ku Joni ndi kundilowetsa sukuluyo anali amalume, mlongo wawo wa amayi anga.

Amalume ankagwira ntchito pansi, mumgodi wa pulatinamu, koma sanali olembedwa ndi mgodi weniweniwo. Anali a kontirakiti, anthu amene amaitanidwa ntchito ikachuluka ndi kuiwalidwa ikachepa. Tinkachita lendi tizipinda tiwiri tamalata kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachitswana ku Tlhabane, dera la m'mphepete mwa tauniyo. Akazi awo, amene ine ndinkawatchula kuti azakhali, anatsala kwawo ku Dedza ndi ana atatu. Zinthu zopita kumudzi zinkayenda ndi bambo wina wa ku Tete, dalaivala wa lole, amene ankadutsa ku Dedza akamapita kwawo. Ulendo uliwonse amalume ankamusenzetsa kenakake: sopo, mafuta ophikira, bulangete, nsapato za ana.

Mphunzitsi wathu wa zithunzi anali bambo wamfupi wosadziwa kuseka, zikhadabo zake zachikasu ndi mankhwala otsukira zithunzi. Masabata oyamba sanatilole n'komwe kukhudza kamera, ndipo ine ndi kamtima kanga kothamanga ndinkaona ngati akutitayira nthawi. Anakhazika mnyamata wina pampando pafupi ndi zenera n'kuyamba kumutembenuzatembenuza. Kuwala kukamenya nkhope kuchokera m'mbali, anatiuza, kumaulula chilichonse: makwinya, zipsera, fupa lililonse. Kukachokera kutsogolo kumasalaza. Kenako anatenga katoni yoyera n'kuiika mbali imene kunali mthunzi, ndipo nkhope ya mnyamatayo inadzadza pomwepo ngati wangomaliza kudya. Tonse tinaseka, kupatula mphunzitsi.

Zina zinabwera pambuyo. Tinaphunzira za kabowo ka m'galasi la kamera, kamene umakulitsa kuwala kukachepa, ndi kachitseko kamene kamatseguka n'kutseka msanga kapena mochedwa malinga ndi mmene wakatchera. Tinaphunzira kuti ukajambula munthu uli pansi, kamera itayang'ana m'mwamba, amaoneka wamkulu ndi wamphamvu, ndipo ukamujambula uli pamwamba amaoneka wonyozeka. Tinaphunzira kupanikiza zigongono m'nthiti ndi kugwira mpweya podina batani. Filimu yanga yoyamba inatuluka mizukwa yokhayokha, mitu yodulidwa, agalu a miyendo isanu ndi umodzi. Amalume anaziseka zithunzizo mpaka misozi, n'kundiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chifuwa chinawayamba nyengo yozizira ya chaka changa choyamba. Poyamba ankati ndi fumbi la pansi, litha lokha. Silinathe. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi, ndipo kontirakiti yawo itatha sanawaitanenso. Anayamba kugwira timaganyu tokonza mipanda ndi kukumba zimbudzi, tsiku limodzi kuntchito, masiku awiri pamphasa. Munthu amene ankanyamula thumba la simenti paphewa akuimba anaonda ndi mutu womwe. Lamba wa buluku anamuboola mabowo atsopano ndi msomali, ine ndikuona.

Ndinawauza kuti kumudzi ayenera kudziwa. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati munthu sabwera ku Joni kudzadwala, ndipo sangapite kukaima pamaso pa alamu awo ali mafupa okhaokha, chimanjamanja. Akachira adzayambanso ntchito, nkhaniyo idzakhala ngati sinachitike. Anawonjezera kuti ndikangotsegula pakamwa, sukulu yanga yathera pomwepo, andikweza basi. Sindikudziwa ngati akanachitadi zimenezo. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinachita mantha, ndipo sukuluyo ndinkaifuna.

Dalaivala wa ku Tete atatsala pang'ono kunyamuka, panalibe sopo kapena bulangete loti atenge. Amalume anayang'ana kamera ili pabedi langa.

"Iwe mwana, si ukuphunzira zimenezi? Undijambule ndioneke bwino. Akaone kuti ndili moyo."

Linali Lamlungu masana. Anavala jekete lawo la kutchalitchi, ndipo linawalendewera ngati alikoleka pamsomali. Ndinapinda nyuzipepala n'kuzilowetsa m'mapewa ndi pachifuwa. Ndinawaimika pabwalo dzuwa litapendeka, likuwamenya kutsogolo, pafupi ndi nsalu yoyera ya pabedi imene mayi eni nyumba anayanika pachingwe, kuti ibweze kuwala m'masaya. Ndinagwada pafumbi, kamera itayang'ana m'mwamba. Komabe masayawo anali maenje. Amalume analowa m'nyumba n'kutuluka atanyema buledi, chidutswa tsaya ili, chidutswa tsaya linalo.

Ulendo woyamba anatsokomola ndisanadine, buledi n'kuulukira kunkhuku. Tinaseka tonse awiri, iwo atagwira mpanda. Kuyambira pamenepo ndinkatchera kachitseko kuti katseke mofulumira, ndipo ndinkawerenga mpaka katatu kuti agwire mpweya. Iwo atagwira wawo, ine nditagwira wanga, ndinkadina.

Zotsala ndinkamalizira m'chipinda chamdima kukoleji, momwe munkayaka kagetsi kofiira kokha. Mmenemo tinali titaphunzira kutchinga kuwala ndi kachidutswa ka katoni komangirira kuwaya, kuti malo amene akuda kwambiri ayereko papepala. Anzanga ankachita zimenezo pamitambo ndi pamitengo. Ine ndinkachita pansi pa maso a amalume. Ndikamiza pepala m'mankhwala, munkatuluka pang'onopang'ono bambo wonenepa, wa mapewa otambalala, akuyang'ana patali ngati kapitawo.

Chimene chimandivuta mpaka lero n'chakuti ntchitoyo inkandikoma. Mwezi uliwonse amalume ankatha, ndipo mwezi uliwonse dzanja langa linkakhwima. Ndinkatuluka m'chipinda chija mtima uli m'mwamba, ndikunyadira chithunzi, kenako ndikafika kunyumba n'kumva chifuwa chija ndili pageti, ndinkadzida. Tsiku lina mphunzitsi anatenga chithunzi chimodzi, n'kupemphanso negetivu yake, kachidutswa ka filimu komwe chinachokera. Anaiunika pagetsi kwa nthawi, n'kufunsa kuti munthuyo ndi ndani wanga. Nditamuuza, anafunsa ngati ali bwino. Ndinati ali bwino. Anandibwezera negetivuyo n'kunena kuti ntchito ya m'chipinda chamdima ndikuitha kuposa aliyense m'kalasimo. Sanafunsenso.

Zithunzi zinapita maulendo angapo, zopanda sopo, zopanda kalikonse. Tinkaganiza kuti tikuwakhazika mtima pansi. Palibe mwa ife amene anafunsa kuti mkazi amaganiza chiyani akaona mwamuna wake akunenepa pamene katundu wasiya kubwera.

Dalaivala anabwera Loweruka lina cha kumadzulo, ali wojejema. Anakhala pakireti ya zakumwa pakhomo, n'kuyamba nkhani za matayala, za apolisi a pamalire, za mvula imene inachedwa. Amalume anamufunsa mwachindunji kuti kunyumba anasiya kuli bwanji. Bamboyo anavula chipewa. Anati iye ndi mthenga chabe, asamuimbe mlandu.

"Akazi anu akuti zithunzi aziona. Akuti muwathokozere mayi amene akukuphikiraniyo, akudziwa kusamala mwamuna. Ana kumeneko akudya kamodzi patsiku, inu masaya akusefukira."

Anapitiriza ali chiweramire. Alongo awo a azakhali anakhala pansi. Akuti munthuyo watchona, wapeza banja ku Joni, ndipo zithunzizo akutumiza zowanyogodola. Akangokolola, aitana ankhoswe kuti amusudzule, mlongo wawo asakalambe akudikira munthu wa eni ake. Mwana wamkulu, amene kale ankaonetsa anzake chithunzi cha bambo ake, tsopano safuna n'kuchiona komwe.

Dalaivalayo ankadziwa zoona, poti maso anali nawo. Koma amalume anali atamulumbiritsa, ndipo iye anasunga lumbirolo ngakhale pamene azakhali ankamufunsa dzina la mkaziyo.

Amalume anayamba kuseka. Anaseka mpaka kusekako kunasanduka chifuwa, ndipo chifuwacho chinawagwetsa pamaondo. Ine mtima unandipsa. Ndinalankhula zinthu zimene mwana salankhula kwa malume wake. Ndinawauza kuti manyazi anapha lambe, kuti alamu amene akuwaopawo si amene akutsokomola magazi, kuti andigwiritsa ntchito yonamiza ana awo omwe. Ndinali ndikukalipira iwo, koma theka la mkwiyowo linali langa ndekha. Dalaivala anavala chipewa chake n'kunena kuti lole inyamukanso pakati pa sabata.

M'mawa mwake ndinawapeza atakhala pabedi, atasamba kale. Jekete linali pamsomali. Anandiuza kuti nditenge kamera. Ndinayamba kufunafuna nyuzipepala mwachizolowezi, koma anapukusa mutu. Anamasula mabatani a malaya mmodzimmodzi n'kuwavula. Ndinali ndisanawaonepo chivulire chiyambire kudwala. Nthiti zinkawerengeka, ndipo pakhosi panali maenje oti madzi akanaimamo.

"Ndiime pati?"

Ndinawaimika pafupi ndi kazenera ka chipinda chawo, kuwala kukuchokera m'mbali. Sindinaike chilichonse choyera mbali inayo. Sindinagwade. Ndinaima maso anga molingana ndi awo, ndinakulitsa kabowo poti m'nyumbamo munali mdima, n'kupanikiza zigongono m'nthiti. M'galasi munali chimbuuzi, ndipo ndinalipotokola galasilo kangapo ndisanazindikire kuti vuto si galasi, ndi misozi yanga. Ndinapukuta ndi mkono. Sanayang'ane patali ngati kale, anayang'ana mukamera momwemo. Ndinadina kamodzi, ndipo anati basi, kwakwana.

Lolemba ndinalawirira kukoleji. Chithunzicho sindinachitchinge paliponse. Chitatuluka m'mankhwala ndinalephera kuchiyang'anitsitsa, ndinangochitsukuluza n'kuchiyanika. Amalume sanafune kuchiona. Anauza dalaivala kuti lumbiro lija latha, akafunsidwa ayankhe zonse.

Kudikira kunali kowawa kuposa zonse zimene zinapita. Sitinkadziwa ngati chithunzicho chifika ankhoswe asanaitanidwe, kapena ngati azakhali sanena kuti mkazi wa ku Joni uja wamudyera n'kumutaya, ndiye wakumbuka kwawo. Amalume anasiya maganyu. Ankangokhala pakhomo, ndipo lole iliyonse ikalira mumsewu ankadzutsa mutu. Ine m'kalasi tinali titafika pa kajambulidwe ka zinthu zothamanga, koma palibe chimene chinkalowa m'mutu.

Azakhali anabwera nyengo yokolola isanafike. Mmene anapezera mapepala a ulendo sindinafunse. Ndikuchokera kukoleji masana ena ndinapeza lole itaima mumsewu, ndipo pakhomo pathu panali mayi wamng'ono thupi, wovala chitenje chofumbirira, kachikwama kali m'khwapa. Anali ataima pamaso pa amalume, amene ankayesetsa kudzuka pampando koma miyendo ikukana. Panalibe amene ankalira. Azakhali anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuwagwira paphewa kuti akhale. Anafunsa mayi eni nyumba, ndi manja poti Chitswana sankachidziwa, komwe kuli beseni.

Anakhala nafe masiku owerengeka, kudikira kuti lole idzaze katundu. Amalume anapita nawo kumudzi, atagona kumbuyo kwa mpando wa dalaivala, ndipo anakhala ndi ana awo miyezi ingapo asanamwalire. Ine ndinatsala kumaliza sukulu, ndikuchapa zovala za anthu kumapeto kwa sabata kuti ndikhalebe m'kachipinda kaja.

Masiku onse amene azakhali anakhala ku Tlhabane sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero. Ankandipatsa moni, kunditumako madzi, basi. Tsiku lonyamuka, amalume atakwezedwa kale m'lole, anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anatsegula kachikwama kawo n'kutulutsa zithunzi zonse zija, za jekete ndi masaya odzadza, zomangidwa ndi kansalu. Chomaliza chija anachipatula n'kuchibwezera m'chikwama.

"Ndiwe unkajambula izi?"

"Ndine, azakhali."

Anazisanthula chimodzichimodzi, osafulumira. Kenako anatenga dzanja langa n'kuziika mmenemo.

"Unaphunzira bwino, mwanawe. Tenga, ndi zako. Bambo wonenepa wa pazithunziyu ndamuda chaka chathunthu, sindikufuna akalowenso m'nyumba mwanga."