Waya wa Wailesi ya Alamu

Ndinali ndi zaka khumi pamene dziko la Zambia linayamba kudalira dzanja langa lamanja. Ndikudziwa kuti olemba mbiri ya mpira sanena zimenezi, koma ku Nangongwe, komboni ya ku Kafue, kukadali okalamba angapo amene angandichitire umboni.

Ndinafika ku Kafue kuchokera kumudzi kwathu ku Katete chifukwa sukulu ya kwathu inkathera panjira, makalasi apamwamba kunalibe. Anandiitana ndi akulu anga a Lusiya. Amuna awo a Faidoni, alamu anga, ankakonza mawaya a magetsi ku fakitale ya feteleza, imene masiku amenewo inali yatsopano, ndipo utsi wake unkatiyabwa m'mphuno mphepo ikatembenukira kwathu. Munthu wa magetsiyo ankakhala m'nyumba yoyatsa nyali ya parafini, ya zipinda ziwiri. Kuchipinda kunkagona iwo, akulu anga ndi khanda. Pabalaza pankagona a Yotamu, mkulu wawo wa alamu, wogwira ntchito ku njanji. Ine ndinkayala mphasa kuseri kwa kabati ya mbale, pomwe udzudzu wa kumtsinje unkachitira misonkhano yake.

A Yotamu sankandifuna, ndipo sankabisa. Sindinganene kuti anali oipa mtima. Anali ndi mwana wawo wamwamuna kumudzi, ndipo malo a mphasa yangawo ankawawerengera iyeyo. Ankati mtsikana akadziwa kulemba dzina lake, sukulu yakwana. Malo anga a sukulu anali asanapezeke, aphunzitsi aakulu anangolonjeza kuti teremu yotsatira, choncho a Yotamu ankati palibe chodikira, mwezi ukatha andikweze basi. Akulu anga ankangoluma mano kukhitchini. Alamu, munthu woseka ndi aliyense, nkhaniyi ikayamba ankapenya denga ngati akufufuza podontha. A Yotamu ndiwo anawalera alamuwo, bambo awo atamwalira, ndiye pakamwa pa alamu pankalemera. Ine ndinkachita mantha, ndipo ndinaphunzira kuyenda m'nyumbamo mopanda phokoso, kuti mwina angaiwale zoti ndilimo.

Ndi m'mwezi umenewo pamene timu ya dziko lathu inakwera ndeke kupita ku mpikisano wa mayiko a mu Africa. Mumzere wathu wonse wa nyumba, wailesi yogwira bwino inali ya alamu. Anaigula ndi malipiro awo oyamba a ku fakitale, ndipo sankalola munthu wina kuikhudza. Ikamalankhula inkakhala pamiyendo pawo, ataikumbatira. Mabatire ake ankawayanika padenga la malata m'mawa uliwonse kuti abwerere mphamvu. Vuto lake linali limodzi: kamlongoti kake kokokera mawu kanathyoka, ndiye alamu anamangirirapo waya wautali wopita pazenera.

Tsiku la masewero oyamba balaza linadzaza azibambo, ena anakhala pazenera, ena pamwala wa pakhomo. Wailesi inayamba bwino, kenaka n'kuyamba kulira ngati nsomba ili m'mafuta. Mawu a woulutsa ankabwera n'kumapita. Nthawi yomweyo akulu anga anandituma kukapereka munkoyo woti alendo amwe. Podutsa pakati pa maondo a anthu, waya uja unandikola paphewa, ndinaugwira kuti ndiuchotse, ndipo wailesi inayera mbee. Mawu anamveka ngati munthuyo wakhala nafe pampando. Nditausiya, nsomba inabwerera m'mafuta.

Alamu anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, "Mulamu, gwilanso."

Ndinagwira, inayera. A Yotamu anandikankhira pambali n'kugwira okha ndi dzanja lawo lonyamula zitsulo za njanji, koma wailesi inangolira. Anayesa a neba ogulitsa nsomba, inalira koposa. Alamu anafotokoza, ndi nkhope ya munthu wodziwa ntchito yake, kuti nkhani inali kumapazi. Anati mapazi akumudzi, osazolowera nsapato, ali ndi ming'alu imene imakoka mawu m'nthaka. A Yotamu atamva zimenezo anavula majombo ndi masokosi n'kuyesanso. Wailesi sinasinthe, koma anthu okhala pafupi anasamukira kuzenera.

Motero ndinaimirira pakati pa azibambo, dzanja m'mwamba, mpaka mpira unatha. Chingerezi cha woulutsa sindinkachimva, ndinkangowerenga nkhope. Titagoletsa, a neba a nsomba anagwa ndi mpando womwe. Tinapambana, ndipo a Yotamu, akuvala majombo awo, anagamula mlandu wanga anthu onse akumva.

"Uyu mwana ankhale mpaka Zambia ikachoke. Zambia ikakwela ndeke, naeve akwela basi."

Anthu anaseka, ine sindinaseke. Kuyambira tsiku limenelo panalibe munthu mu Kafue yense wokonda timu ya dziko kuposa ine, ngakhale ndinali ndisanaonepo mpira wachikopa. Ndinkawapempherera anyamatawo m'mawa ndi madzulo, kuti asadwale m'mimba ndi zakudya zachilendo. Komanso, kunena zoona, zinandikomera. Pampopi atsikana a m'tauni, amene kale ankaseka kalankhulidwe kanga, anayamba kupempha kuti aone mapazi anga, ndipo ine ndinkawaonetsa limodzi limodzi, osafulumira. Amayi ena anabwera ndi wotchi yakufa kuti ndiigwire. Sinadzuke, koma anati mwina inachedwa kubwera nayo.

Pa masewero achiwiri anandikonzera kampando, ndipo wina anandigulira chitumbuwa. Tinagonja, ndipo kunali kugonja kosafuna womasulira. Azibambo anatuluka mmodzimmodzi osatsanzika. Ine ndinapita kuseri kwa kabati, ndinakulunga madiresi anga awiri m'chitenje, n'kukhala pamwala wa pakhomo kudikira. Kwathu munthu akamenyedwa pabwalo amapita kwawo, sadikira kuti amuuze. Akulu anga atandipeza anaseka mpaka anagwira chitseko, kenaka ataona kuti ndikulira zenizeni anaitana amuna awo.

Alamu anatola zitsekerero zinayi za mabotolo n'kuzindandalika pansi. Anati amenewo ndi matimu a m'gulu lathu, ndipo iliyonse iyenera kukumana ndi zinzake zonse. Kugonja kamodzi si kufa ayi. Zikatha zonse, ziwiri zapamwamba zimapitirira, ziwiri zapansi zimanyamula katundu. Anakankhira kutsogolo chitsekerero chopindika n'kunena kuti ndife ifeyo, ndipo tatsala ndi mpata umodzi. Ndinafunsa ngati amene anatimenyawo sitingawabwezere. Anati ayi, tsopano tikamenye wina amene sanatilakwire. Ndinaona kuti mpira ndi masewero opanda chilungamo, koma ndinamasula chitenje changa.

A Yotamu anali ndi maganizo ena pa za kugonjako. Iwo anaona ndi maso awo kuti ndinasinthitsa dzanja pofuna kudya chitumbuwa, ndipo chigoli cha adani chinalowa nthawi yomweyo. Choncho pa masewero achitatu anaika malamulo. Dzanja likhale lamanja lokha. Chitumbuwa ndilandire mpira ukatha. Kuyambira masana ndisamwe madzi, kuopa kuti ndingafune kutuluka. Mapazi ndisasambe, chifukwa sopo akhoza kutseka ming'alu. Akulu anga anati sanaonepo mwamuna wamkulu akuyeza mapazi a mwana ngati akugula mbuzi, koma ananenera kukhitchini.

Tsikulo kunali mitambo, ndipo anthu anachuluka kuposa kale. Alamu anasinthana shifiti ndi mnzawo kuti akhalepo. Ndinaimirira pamalo anga, waya m'dzanja. Mkono unayamba kuwawa, kenaka unachita dzanzi, ntchentche inatera pamphuno panga ndipo ndinaisiya ikhale. Nthawi inkapita popanda chigoli. A Yotamu ankatuluka thukuta, akumenya mpira wosaoneka pansi pa tebulo. Ine m'mutu mwanga ndinkangoona basi ya ku Chipata yodutsa kwathu ku Katete, ndi fumbi lake, ndi khasu langa likundidikira kuseri kwa nkhokwe.

Kenaka woulutsa anayamba kuthamangitsa mawu, anakwera, anakwerabe, n'kukuwa mawu amodzi aatali amene ngakhale ine ndinawamva. Nyumba inaphulika. Sindikudziwa kuti zinachitika bwanji, koma ndinapezeka ndili m'mwamba, manja onse awiri ali pamutu, ndikululuta ngati kuchinamwali. Ndinazungulira kawiri. Pozungulira kachitatu m'pamene ndinaona waya uli pansi, a neba a nsomba ataupondanso. Ndipo wailesi inali ikulankhula bwinobwino, mbee, kuposa masiku onse.

Ndinayang'ana alamu. Nawonso anali atadziiwala, pakamwa pali yasa. Maso athu atakumana, nkhope yawo inasintha ngati mwana wogwidwa ndi dzanja mushuga. Ndinaona chala chawo chachikulu, chimene chinkabisala kumbali kwa wailesi, chikupotoza pang'ono kagudumu kosakira siteshoni. Nsomba inabwerera m'mafuta.

"Waya!" anakuwa a Yotamu. "Gwila waya, iwe mwana, uzatipha!"

Ndinautola. Chala chija chinabwerera pamalo pake, ndipo woulutsa anabwerera m'nyumba.

Mphindi zotsalazo zinali zazitali kuposa ulendo wa ku Katete. Ndinachita manyazi, ndipo ndinakwiya. Ndinakumbukira mapazi amene ndinkaonetsa pampopi, ndi wotchi ya amayi aja. Ndinalibe mphamvu iliyonse, ndinali mwana wosasamba mapazi wogwira waya pakati pa anthu. Ndinafuna kuuponya pansi kuti onse aone bodza la alamu. Koma nditayang'ana a Yotamu, amene tsopano anali kundikupiza ndi chipewa chawo kuti ndisakomoke, nzeru inandibwerera. Ndinakweza dzanja m'mwamba kwambiri, ndinatsinzina, ndipo ndinayamba kunjenjemera pang'ono ngati mawu akudutsa m'thupi. Alamu anatsokomola n'kuyang'ana kumbali.

Mpira unatha tili patsogolo. Tinadutsa m'gulu. Kunja anthu ankamenya zitini, sitima ya katundu inaliza hutala kusiteshoni, ndipo a Yotamu anandinyamula paphewa n'kuzungulira nane mzere wonse wa nyumba. Atanditsitsa analengeza kuti mwana uyu si wa a Lusiya okha, ndi katundu wa dziko, ndipo aliyense wofuna kumukweza basi ayambe wakumana ndi iwo. Palibe amene anawakumbutsa kuti wofuna basiyo anali ndani.

M'mawa mwake ndinawapeza alamu atakwera pandowa, akuyanika mabatire padenga. Ndinaima pansi n'kuwauza kuti chala chawo ndinachiona. Sanatembenuke. Anati tsiku loyamba lija, waya utandikola, wailesi inayeradi yokha, zinazo ndi zimene anawonjezera iwo. Ndinafunsa chifukwa chake sanangowauza akulu awo kuti sindipita.

"Nyumba ni yanga, wailesi ni yanga," anatero, "koma ba Yotamu ndiye bananilela. Siningabakanile pamaso pa banthu. Manje iwe gwila chabe waya wako, na ine nigwile kwanga."

Tinagwiradi, aliyense kwake, mpaka mpikisano unatha. Chikho sitinabwere nacho. Koma pamene anyamata ankatsika ndeke, a Yotamu anali atanena kale mawu aakulu pamaso pa mzere wonse, ndipo munthu ngati iwo sakanawameza. Anati ndisungidwe chifukwa mpikisano wina ukubwera. Teremu itayamba ndinavala yunifolomu imene akulu anga anasoketsa mwakachetechete kwa telala wa pamsika. Mwana wa a Yotamu uja anabwera chaka chotsatira, iwo atapatsidwa nyumba ya ku njanji, ndipo tinkapita kusukulu limodzi.

A Yotamu anamwalira akukhulupirirabe. Nditakhala kale mphunzitsi, wa nsapato zanga, ankanditumizira uthenga timu ikamasewera kuti ndipite ndikagwire wailesi yakanema yawo, ndipo ndinkapita, n'kuvula nsapato pakhomo. Alamu ankakhala pakona, mapewa akugwedezeka ndi kuseka kobisa.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaikamba ngati ya kupusa kwa a Yotamu. Tsopano ndimaiona kuti ndi ya alamu. Akanatha kukangana ndi mkulu wawo n'kupambana, ine n'kukhala m'nyumbamo ngati mwana amene anagawanitsa abale, wodya nshima mozemba maso. M'malo mwake anandichotsa kuseri kwa kabati n'kundiimika pakati pa balaza, ndipo anasiya munthu amene ankandithamangitsa kuti akhale woyamba kundikaniza kupita. Mwana wokhala kwa eni sikuti amangofuna mphasa ndi mbale ayi, amafuna kumva kuti atachoka pali chimene chingaime.

Chaka chatha kwanga kunabwera mdzukulu wa mlongo wanga kuchokera kumudzi, kamtsikana koyenda m'mbali mwa khoma, kosadya mpaka ukauze kawiri. Patapita masiku ochepa ndinayamba kudandaula kuti tiyi wanga sakukoma. Ana anga anayesa kutakasa, ndinakwinya nkhope. Amuna anga anayesa, ndinakankhira kapu kutali. Katatakasa iko, ndinamwa mpaka pansi. Pano m'mawa uliwonse kamabwera ndi sipuni yake, mutu uli m'mwamba, ndipo kamakalipira aliyense woyandikira kapu yanga. Shuga kamathira wambiri, ndipo adokotala anandiletsa, koma ndimamwa.