Chilolezo chimene ndinaumirira

Apolisi awiri anafika pakhomo pathu ku Kachebere masana, ine ndi amayi tikuswa mtedza pakhonde. Ankafuna mapepala a alamu anga, amene ankawaganizira zodutsitsa ng'ombe kuchokera ku Zambia ndi zikalata zabodza. Alamuwo anali atathawa, koma katundu wawo anali m'nyumba mwathu.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma pa kabaza munthu umamva zambiri. Kalaliki wina wa kukhoti amene ndinkamunyamula paboma anandiuzapo kuti wapolisi akafuna mapepala m'nyumba ya munthu, amayamba walumbira pamaso pa majisitireti, kutchula nyumbayo ndi zimene akukafuna, majisitiretiyo n'kusaina, n'kudinda. Ndiye ndinaima pachitseko, ndinati andionetse chilolezo.

"Iwe wakabaza, malamulo unaphunzirira panjinga?" anatero wapolisi wamng'onoyo.

"Eya bwana, pakaliyala pomwe. Pepala lili kuti?"

Analibe. Mtima wanga suchedwa kuwira: ndinawalalatira mpaka anthu anadzaza pabwalo. Wamkuluyo anangoti abweranso. Ine ndinakwera njinga kukadzitama kumsika. Amayi ndinawasiya osawafotokozera kanthu.

Amayi sadziwa kuwerenga. Pepala lililonse la pakhomo, la kuchipatala, la ubatizo, la alamu, ankalisunga mu jumbo imodzi pansi pa sutikesi. Chimene anamvapo pa phokoso lonselo n'chakuti mapepala amangitsa munthu. Pobwera madzulo ndinapeza phulusa kukhitchini. Anati sakanadziwa loipa ndi liti, ndiye anatentha onse kuti ana awo asalowe m'ndende.

M'jumbomo munalinso kalata ya munda wathu. Malemu bambo anali obwera, ndipo mundawo anachita kupatsidwa ndi mkulu wina wa m'mudzimo, zonse n'kulembedwa pakalatayo. Mkuluyo ndi mboni zake onse anamwalira, ndipo adzukulu ake anali atayamba kale kulima modutsa malire.

Patapita masiku awiri apolisi anabweradi ndi chilolezo. Ndinachiwerenga pang'onopang'ono, chala pamzere. Chinatchula nyumba ya amayi ndi zikalata zoyendetsera ng'ombe, basi. Anafufuza, sanapeze kanthu. Wamkulu uja atamva zimene zinachitika anapukusa mutu.

"Mayi, ya munda sitikanaikhudza n'komwe. Pano sinalembedwe."

Nkhani ya phulusa inawanda mudzi wonse, poti anthu amene ndinawasonkhanitsa ndi pakamwa panga ndi omwewo anaifalitsa. Mvula isanagwe, adzukulu aja anatitengera kubwalo la amfumu. Atatifunsa kalata, amayi anati inapsa. Ine ndinayamba kukweza mawu, anandikhazika pansi anthu atatu.

Anatisiyira kachigawo ka kumtunda, kamiyala, mizere yosakwana makumi atatu. Chaka chino amayi abzalamo chimanga. Kumunsi, kumene bambo anathira manyowa zaka zonse zija, kuli fodya wa eni ake.