Mtembo Wovala Jekete

Chaka chomwe ananditumiza ku Thyolo kukaphunzitsa Chingerezi pasekondale ina ya pakati pa minda ya tiyi, n'kuti nditangochoka kukoleji, mutu utadzaza zam'mabuku. Kumeneko tidaphunzira kuti akatswiri a kaganizidwe ka munthu amati chikondi chenicheni chili ndi mbali zitatu: ubwenzi, kudzipereka, ndi moto uja wosowetsa tulo. Ine ndinkazikhulupirira kuposa katekisimu, ndipo ndinkayeza nazo aliyense.

Oyamba kuwayeza anali mnyamata ndi mtsikana a m'sewero lakale lomwe tinkawerenga ku Fomu 4, amene makolo adawakaniza kukwatirana mpaka iwo kufera limodzi. Ndinkauza ophunzira kuti awiriwa anali ndi moto wokhawokha, poti sankadziwana n'komwe. Koma pansi pamtima ndinkawasirira.

Wina amene ndinamuyeza anali bambo wa kwa Mphuka yemwe ankandifunsira. Ankagwira ntchito yolawa tiyi kufakitale, kulawa n'kulavula tsiku lonse. Kufatsa kwawo kunali kotopetsa. Denga likadontha ankabwera ndi phula, ndikadwala ankandibweretsera mapeyala, ndipo tikakhala pakhonde macheza sankatha. Koma mawu otsekemera, olo amodzi. Ngakhale pondifunsira ankakhala ngati akuitanitsa feteleza.

"Madamu, ndimati amalume akaonekere kwanu ku Dedza."

Ndinawapatsa mamalikisi awiri pa atatu. Ndinalonjeza kuwayankha potsekera sukulu, koma maganizo anga anali owakana n'kupempha transifa. Ndinkaona kuti moto uli kwa ine ndekha, ndipo zinkandiwawa.

Pa tsiku lotsekeralo tinakonza zochita sewero lija m'Chichewa muholo ya esiteti. Litayandikira, mayi a mtsikana amene ankayenera kufa m'seweromo anatulukira pasukulu kuchokera kothyola tiyi, dengu lili kumsana.

"Mwana wanga agone ngati maliro anthu akuonerera? Iyayi madamu, amenewo ndi malodza. Goneni inuyo amene mwazitenga kukoleji."

Makolo a mnyamata nawonso anakana. Tinalowa m'malo mwa ana awiriwo ine ndi mphunzitsi wa Jogalafe, mnyamata wapakamwa yemwe ankakonda kuwomberedwa m'manja.

Tsikulo kunagwa chiperoni, kamvula kowaza ndi mphepo yolowa m'mafupa. Ndinagona pasimenti ndi diresi yopyapyala, maso nditatseka, mano nditaluma kuti mtembo usaoneke ukunjenjemera. Wa Jogalafe anagwada, nandigwira dzanja, n'kuyamba kundilira. Analira mawu onse a m'buku, kenaka n'kuyamba kuwonjezera akeake.

Ndinamva nsapato zikukwera pasiteji, kenaka fungo la tiyi wouma. Chinthu chofunda chinandiphimba.

"Aphunzitsi, pitirizani," anali mawu a bambo aja, odekha monga mwa masiku onse. "Koma dzanjalo lisiyeni. Kulira kumatheka osagwira."

Holo yonse inafa ndi phwete. Ndinamva mayi wina kumbuyo akuti eni ake a maliro afika.

Ine sindinaseke. Chondiphimbacho chinali jekete lawo, ndipo anandikonzera bwino pakhosi. Anawerama n'kundinong'oneza.

"Musadzachitenso zimenezi. Kukuonani chonchi mtima wanga sukupirira."

Mtembo suyankha, choncho ndinangogona phee, koma kuzizira konse kunali kutatha. Sewero tinalimaliza ndili m'jekete lofika m'mawondo. Ophunzira ankandiseka chaka chonse kuti sanaonepo munthu womwalira akumwetulira chotero.

Potuluka ndinawapeza ataima pakhomo ndi malaya okha, manja atapinda, manyazi atawagwira.

"Pepani madamu, ndakuwonongerani sewero. Nanga jekete lija?"

Ndinalikoka bwinobwino m'mapewa n'kumanga mabatani.

"Akalitenge amalume anu ku Dedza."