Lata la pazenera la ku Mkanda

Kunyumba yosungiramo mtedza ya alimi ku Mkanda kuli zenera lokhomedwa lata, ndipo wochititsa ndine.

Ndinawaikira kakompyuta kakang'ono ngati chikhatho, kolumikizidwa ku sikelo. Thumba likayezedwa, kamatumiza kulemera kwake mufoda ya pakompyuta ya muofesi. Tsiku lina kanangoleka kuiona fodayo. Ndinasintha waya, kukazimitsa, kukayatsanso, thukuta lili kamukamu, alimi ali pamzere ndi njinga zawo.

A Nabanda, mayi wachikulire woyang'anira nyumbayo, anandiyandikira. "Achimwene, chavuta n'chiyani?"

Apa n'kuti nditangokumbukira kuti dzulo lake ndinasintha ndekha dzina la fodayo, ati lizioneka bwino, koma kakompyutako osakauza. Pakamwa panga panatuluka zina. "Ndi netiweki ya ku Zambia, mayi. Ikulowerera."

Kuno n'kufupi ndi malire, ndipo mafoni amaigwiradi nthawi zina, choncho palibe anatsutsa. Chonsecho kakompyutako kamayendera waya! A Nabanda anayang'ana zenera la muofesi la kumadzulo, mbali ya ku Zambia, n'kukatenga lata ndi misomali. Iwo akukhoma, ine ndinabwezeretsa dzina lija mwakachetechete. Sikelo inayambanso kutumiza.

"Mwaona?" anatero akupukuta m'manja. "Tayitsekera kunja."

Papita nyengo ziwiri za mtedza. Muofesimo muli mdima ndi kutentha, ndipo mayiwo amagwira ntchito akudzikupiza ndi chikatoni. Sabata yatha ndinalimba mtima pang'ono, ndinati tichotse latalo.

Anandigwira mkono. "Ayi achimwene, musawononge nzeru zanu zomwe."

Ine, wopanda manyazi, ndinati zikomo.