Tayala litaphulika pa Bolero

Adada, lero tayala la pikapu laphulika pamsika wa Bolero, ndiye ndakumbukira inu.

Mutabwerako kunkhondo ya ku Mozambique, komwe munkalondera njanji muli msilikali, munangoyamba kulima fodya ku Nkhamanga osakambako za kumeneko. Tsiku lina tikugula mchere pamsika womwewu, tayala linaphulika chimodzimodzi. Munandigwetsera pansi n'kundiphimba ndi thupi lanu lonse. Anthu anaseka chomene, ine ndinachita manyazi mpaka kulira. Munadzuka, kundisasa fumbi padiresi, n'kunena kuti, "Asiye aseke, mwana wanga. Mnzanga amene anachedwa kugona pansi tinamusiya komweko."

Ndinakukwiyirani sabata yathunthu. Patha zaka zisanu chimwalirireni, ndipo za tsiku limenelo sindinakuthokozeni n'komwe, ngakhale kungoti yewo.