Tsiku Limene Sitachi Inathyola Mthiko

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali sitandade folo, tikukhala kuseri kwa msika wa Ulongwe. Ndinali mwana wa phuma, moti mayi ankati ndinabadwa azamba asanamalize kusamba m'manja. Ku Balaka ndinali ndisanapondeko, ndipo anzanga a kusukulu ankandiseka nazo tsiku ndi tsiku.

Mwayi unabwera amalume a Twaibu ataitanidwa ku Balaka kukayesedwa ntchito ya ulonda pa sitolo ina. Malaya oyera anali nawo amodzi okha, kolala yake yogwa ngati khutu la mbuzi. Mayi anati malayawo afunika sitachi, ndipo anandilonjeza kuti ndikathandiza ntchitoyo n'kutha bwino, amalume anditenga. Madzulo tinapala chinangwa pa chitini chobowola ndi msomali, tinachifinyira m'kansalu, madzi ake n'kuwasiya m'beseni kuti adikhe.

M'mawa mayi anakhuthula madzi a pamwamba, pansi n'kutsala zoyera mbee. Anandiuza kuti ndithiremo madzi ozizira, nditakase mpaka zisungunuke, iwo akukapempha makala a simbi. Ine ndinangodonthezamo timadzi, poganiza kuti sitachi yolimba ndiye ifulumiza ulendo.

Ndinagwira mthiko ndi manja awiri n'kutakasa ndi mphamvu zanga zonse. Mthiko unaima nji. Nditaukoka, beseni linabwera nawo. Ndinausiya kuti ndipume, ndipo ndikuona ndi maso angawa chinthu chija chinayamba kuyenderera ngati mkaka, mthiko n'kugwa wokha. Mtima unandipsa. Ndinachimenya chibakera, chinali gwa, zala zokha kuwawa. Pomaliza ndinapana beseni ndi maondo n'kukankha ndi thupi lonse, ndipo mthiko wa mayi unathyoka pakati.

Apa mutu wanga unagwira ntchito msanga, monga mwa masiku onse. Dzana lake mayi anali atakangana ndi Abiti Jafali, oyandikana nafe, chifukwa mbuzi yawo inadya kholowa wathu, ndiye ndinatsimikiza kuti iwowo ndi amene alodza sitachiyo. Ndinasenza beseni mpaka pakhomo pawo, pamene anakhala ndi azimayi ena akusenda nandolo, n'kuwauza mosapsatira kuti achotse mankhwala awo chifukwa ine ndikufuna kupita ku Balaka.

Azimayi aja anangoti kukamwa yasa. Abiti Jafali anayang'ana m'beseni, anayang'ana chidutswa cha mthiko m'dzanja langa, kenaka anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Anandigwira chala chimodzi n'kuchiika pa sitachi mofatsa, ndipo chinamira mpaka pansi popanda chotsekereza.

"Iwe Asiyatu," anatero, "minibasi ikafika pa siteji apa, anthu onse n'kuthamangira pachitseko nthawi imodzi, amalowa angati?"

Ndinayankha chapansipansi kuti salowa aliyense.

"Ndiye timbewu ta ufawu n'chimodzimodzi. Tachulukana, madzi wamana. Ukatikankha timapanikizana n'kutsekerana njira. Upite nato pang'onopang'ono, tipatsana mpata tokha. Ufiti wanga ndi umenewo."

Anathiramo kapu ya madzi, anazunguza ndi chala chomwecho, sitachi n'kusungunuka ngati si yomwe ija. Ndinayamba kuganiza kuti ulendo wapulumuka. Nditatembenuka ndinaona mayi ataima kumbuyo kwanga ndi makala m'chitini, ndipo nkhope yawo inasonyeza kuti amva zonse.

Sanandimenye iyayi. Anapepesa kwa Abiti Jafali, anakonza malaya, n'kundipatsa tsache kuti ndikasese khola la mbuzi yomwe ija. Ndili m'kholamo ndinaona amalume akulowera ku msewu, kolala ili njo, osatha ngakhale kutembenuza khosi kuti anditsanzike. Ndinalira kwambiri, mbuzi ikundiyang'ana uku ikubzikula. Amalume ntchito anaipeza, ndipo mpaka lero amati chimene chinawalembetsa ndi kolala ija.

Lero ndimakhala ku Balaka komweko, ndipo ndili ndi mwana wamkazi amene anatengera mutu wanga wonse. Ndikamuthamangitsa ndi mawu amauma gwa, ndikawonjeza mphamvu wothyoka ndimakhala ine. Zinanditengera zaka kuzindikira kuti Abiti Jafali sankanena za chinangwa chokha. Tsopano ndikamva mawu anga akuyamba kukwera, ndimakumbukira chidutswa cha mthiko chija m'dzanja langa, ndiye ndimakhala pansi pafupi naye n'kuyamba ndi chala chimodzi.